Pakhonde ndi Gogo Namwino: Zithunzi 30 pa K40,000, tivomere?

Zikomo Gogo,

Ndine mayi wa zaka 27, ndili pabanja ndipo tili ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zitatu. Timakhala kufupi ndi pa Kampepuza. Amuna anga ndi aphunzitsi a kupulayimale koma amakonda kujambula zithunzi. Chaka chatha tidagwirizana kuti nditenge ngongole kubanki m'khonde, tiphatikize ndi kandalama kanga ka geni ya tomato, tigule kamera yogwirapo kale ntchito ya K600,000. Ngongoleyo sindinamalize kubweza.

Mwezi wathawu mwini malo ena ogona alendo m'mbali mwa msewu wa M1 adawaitana kuti akajambule zipinda, zakudya ndi panja pamalopo. Adapitako maulendo atatu, thiransipoti yolipira okha, K6,000 ulendo uliwonse. Za mtengo sadakambirane. Tsopano bwanayo akuti apereka K40,000 pa zithunzi 30 ndipo zikhale zake mpaka kalekale. Mwa 30 zimenezo akufunamo zisanu za ngoma zimene bambowa adajambula paokha ku Umhlangano, ndi china cha mwana wathu atasenza kadengu ka tomato, ati achiike pachikwangwani cha kumsewu. Ziwiri waika kale pa Facebook chonsecho sanapereke ndi tambala yomwe.

Amuna anga akuti tingovomera chifukwa dzina lawo litchuka. Ine ndikati ndalamayo yachepa, akuti ndine wadyera ndipo za zithunzi sindizidziwa. Yatha sabata tikungoyankhulana za mchere ndi sopo basi. Kodi ndikulakwa? Ndithandizeni.

Wodandaula,
Kampepuza, Ntcheu

Mwananga,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko nditavala magalasi, pensulo ili m'manja. Ntchito yanga idali ya jakisoni ndi sikelo ya ana, koma masamu a ndalama ngamodzi, kaya ukugulitsa tomato kaya zithunzi. Tiye tiwerengere limodzi.

Maulendo atatu a K6,000 ndi K18,000. Kamera nayo imatha, monga imathera njinga ya kabaza. Tingoyerekeza kuti ikhala zaka zitatu ikugwira ntchito masiku 50 pachaka. Ndiye kuti masiku 150, ndipo tsiku lililonse likudya K4,000 pa K600,000 ija. Masiku atatu ndi K12,000. Bandulo yotumizira zithunzi ndi kutchajitsa mabatire tiike K5,000. Zonse pamodzi K35,000. Pa K40,000 ya bwanayo patsala K5,000 ya thukuta la masiku atatu, osawerengera madzulo amene bambowo amakhala akusankha ndi kukonza zithunzi iwe ukuwasungira nsima. Waganyu wolima mizere ungamuuze mtengo umenewo, khasu angalisiye pomwepo. Ndiye sukulakwa ayi. Yachepadi.

Ndipo kumbuka kuti kamera, batire ndi memori khadi sizipangidwa kuno. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu yense wochokera kunja adakwera. Tsiku limene kamerayo idzafe, ina simudzaipeza pa K600,000.

Za kutchukazo ndimve bwino. Si bodza lokhalokha. Munthu woyamba kumene amafunadi kuti ntchito yake ioneke, ndipo nthawi zina n'kwanzeru kutsitsako mtengo kuti chitseko chitseguke. Koma funsa bambo a mwanawo mwaulemu: pa zithunzi ziwiri zili pa Facebook zija, dzina lawo lalembedwapo? Ngati palibe, akutchuka ndani, iwo kapena malo ogonawo? Komanso Loweruka amayi a banki m'khonde akakhala pamphasa kuitana maina, sungawapatse kutchuka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma chimene chandiimitsa mutu kwambiri si K40,000 ayi. Ndi mawu akuti “zikhale zake mpaka kalekale”.

Iwe ndi mwana wa mlimi, ukudziwa kusiyana kwa kubwereketsa dimba ndi kuligulitsa. Wobwereka amalipira ya chaka chimodzi, amalima, amakolola, dimba n'kukhalabe lako. Chaka chamawa akafuna alipiranso, akapanda kufuna ubwereketsa wina. Wogula amatenga zonse, ndipo ngakhale udutsepo sungathyole ndi chisoso chomwe. Palibe munthu wamutu wake amene amagulitsa dimba pa mtengo wa lendi ya chaka chimodzi. Chithunzi chilinso chimodzimodzi. Wojambula angathe kuloleza kampani kuti ichigwiritse ntchito pa Facebook ndi pa timapepala totsatsa malonda kwa chaka chimodzi, umwini n'kukhalabe wake. Kapena angathe kugulitsiratu umwiniwo, ndiye kuti wogulayo achiika pa kalendala, pa malaya, ngakhale kuchigulitsa kwa ena, mwiniwake wakale osalandiranso kanthu. Bwana wanuyo akufuna kugula dimba pa mtengo wosakwana ndi lendi yomwe. Gawa K40,000 ndi 30, upeza kuti chithunzi chilichonse akuchiyesa K1,333.

Izi si nzeru za Gogo chabe. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ntchito zaluso, Copyright Act ya 2016, imene idalowa m'malo mwa ya 1989, ndipo zithunzi zili m'gulu la ntchito zotetezedwa. Ambiri akamva za bungwe la COSOMA, lomwe lidayamba mu 1992, amangoganiza za oimba, koma limayang'aniranso za alembi ndi ojambula. Ojambula zithunzi alinso ndi bungwe lawo la PHOTAMA. Bambowo asachite manyazi kufunsa nzeru kumeneko poti ndi aphunzitsi ojambula mwa apo ndi apo. Lamulo silifunsa ngati uli ndi situdiyo.

Zoti chithunzi chikangofika pa intaneti ndiye kuti chasanduka cha aliyense, n'zabodza. Mu 2010 chivomerezi chitagwedeza dziko la Haiti, wojambula wina wakumeneko, Daniel Morel, adaika zithunzi zake pa Twitter. Makampani akuluakulu a AFP ndi Getty Images adazifalitsa popanda chilolezo chake, ndipo mu 2013 khoti la ku New York lidagamula kuti amulipire madola 1.2 miliyoni. Sindikuti muthamangire kukhoti ndi zithunzi ziwiri, mungathere ndalama ya ufa pa maloya. Ndikungofuna udziwe kuti mukamuuza bwanayo kuti alipire kapena azichotse, simukupempha chifundo.

Tsono pano ndiwadzudzuleko amuna ako, ndi iwe yemwe pang'ono. Adalakwa kunyamula kamera maulendo atatu mtengo asanakambirane. Iwe sungatsitse dengu la tomato m'galimoto ya venda musanamvane. Ndipo pamene munthu wachita kukutuma kuti ukamujambulire malo ake, mkangano wa umwini umavuta, poti iye amaona ngati zonse n'zake. N'chifukwa chake za zipinda ndi zakudyazo musalimbane naye kwambiri. Ndani winanso angagule chithunzi cha bedi la eni ake? Zimenezo atenge, azigwiritse ntchito mmene angafunire, bola alipire ntchito ya masiku atatu mokwanira.

Mokwanira ndi zingati? Yambani ndi K35,000 yotuluka m'thumba ija. Kenako bambowo atenge malipiro awo a pamwezi, agawe ndi masiku amene amapita kusukulu, aone kuti tsiku lawo limodzi limakwana zingati. Achulukitse ndi masiku atatu, awonjezere limodzi la kukonza zithunzi. Pamenepo ndiye pansi penipeni, posayenera kutsikanso. Akatero afunse ojambula awiri kapena atatu, wina pa boma pa Ntcheu, wina ku Balaka, kuti ntchito yotere amaitchaja bwanji. Asatenge mtengo wa katswiri wa ku Lilongwe wokhala ndi magetsi ndi antchito, chifukwa iwo sanafikepo, ndiponso malo ogona a m'mbali mwa msewu si banki kapena kampani ya mafoni. Mtengo wachilungamo umayang'ananso thumba la wogula. Koma asatsike kwambiri kuposa anzawowo. Iwo ali ndi malipiro a boma kumapeto kwa mwezi, pomwe mnyamata wojambula pa boma uja kamera ndiye munda wake. Mukazoloweza mabwana zithunzi za K1,333, mwamulanda nsima pakamwa.

Za ngoma zija ndi nkhani ina. Zimenezo palibe adawatuma. Adapita okha ku Nkolimbo, kumene Angoni a kwa Maseko amasonkhana chaka ndi chaka kukumbukira Inkosi Gomani yoyamba imene idaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Adapirira dzuwa ndi fumbi mpaka kupeza mphindi imene zishango zakwera pamodzi. Zithunzi zotere mawa angazifune a kalendala, a zokopa alendo kapena a nyuzipepala. Limeneli ndiye dimba la m'mbali mwa mtsinje, losagulitsa. Abwereketse chimodzichimodzi, kwa chaka chimodzi, ndipo mtengo usiyane malinga ndi kumene chikaikidwe. Cha pa Facebook chitsike, cha pachikwangwani cha kumsewu chikwere, popeza chimaonedwa ndi aliyense woyenda pakati pa Blantyre ndi Lilongwe usana ndi usiku. Mukafuna poyambira, funsani kuti kusindikiza ndi kuimika chikwangwanicho kudya zingati. Munthu wokwanitsa kulipira zitsulo, simenti ndi osindikiza asakuuzeni kuti ndalama yathera pa chithunzi, pomwe anthu akayang'ana chithunzicho osati zitsulo.

Musaiwale kuti ovinawo ndi anthu, ali ndi maina ndi azibale awo. Kujambula gule pamwambo n'kwina, kutenga nkhope ya bambo wa eni n'kuitsatsira malo ogona n'kwinanso. Ngati nkhope ikuoneka bwino, amuna ako akawapeze, awauze, ndipo pa ndalamayo pakhale kawo.

Tsopano za mdzukulu wangayo. Apa ndiyankhula ngati namwino.

Zaka zambiri zapitazo, pachipatala china chimene ndinkagwira ntchito, kudabwera alendo ndi makamera. Adajambula kamwana kena kamene tinkakapatsa phala la likuni, konyentchera, tsitsi lofiira. Mayi ake adangomwetulira poti alendo, ndipo ine ndemwe ndidamasulira mawu akuti “tingojambula pang'ono”. Mwanayo adachira bwinobwino, adanenepa, adayamba sukulu. Koma chithunzi chija chidatuluka pa mapepala opachika m'zipatala, ndipo chidakhala pamakoma zaka ndi zaka. Anzake kusukulu adamupatsa dzina lachipongwe lochokera pa pepala lomwelo. Tsiku lina mayi ake adandipeza pamsika n'kundifunsa kuti, “Anamwino, mudatigulitsa zingati?” Sindidalandire kanthu, koma ndidasowa choyankha. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwawa.

Cha mwana wako n'chosangalatsa, kadengu ka tomato pamutu, si cha matenda. Komabe taganiza. Malo ogona alendo anthu amawanenera zambiri, zoona ndi zabodza zomwe. Mwini wake angagulitse malowo mawa, wogulayo n'kuwasandutsa bala, nkhope ya mwana wako ili pompo pamsewu. Mukasaina zoti “mpaka kalekale” mulibenso pakamwa poti muchotsetse. Mwanayo ali ndi zaka zitatu, sangavomere kapena kukana, akudalira inu awiri. Ine ndikadakhala iwe, chimenechi ndikadachichotsa pamndandanda, ngakhale bwanayo awonjezere ndalama. Ndipo pa ichi chokha bambo ake sangagamule okha. Mwana ngwa nonse.

Kunyumbako usalowe ndi nyuzipepala ino m'manja ngati chikwapu, uku ukuti “mwamva zimene anena Gogo?” Ukatero wawina mlandu koma banja walipweteka. Amuna ako si opusa. Ndi munthu amene kwa nthawi yoyamba wina wamuuza kuti luso lake n'lofunika, ndiye akuopa kuti akatchula mtengo amuseka n'kuitana wina. Mantha amenewo amabisala kuseri kwa mawu akuti “iwe sudziwa za zithunzi”. Nawonso amve kuchokera kwa ine kuti mkazi amene adasenza ngongole ya kamera ali ndi ufulu wofunsa za mtengo, ndipo kumutcha wadyera n'kumulakwira. Dikira mwana agone, tenga kope ndi pensulo, uwapemphe kuti masamu aja awerengere okha, iwe uzingotchula zimene zidatuluka m'thumba. Aphunzitsi sakana masamu a dzanja lawo.

Mukamvana, bambowo apite kwa bwanayo ndi pepala, osati pafoni. Palembedwe zithunzi zingati, ziti, zikaikidwa kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, ndalama zingati, ndiponso kuti dzina la wojambula lizioneka pambali. Asaine onse awiri pamaso pa mboni, aliyense asunge lake. Theka la ndalama lilowe kaye, kaya pa Airtel Money kaya pa Mpamba, kuti uthenga wa pafoni ukhale umboni. Zoonetsa azitumiza zazing'ono, dzina lawo litalembedwa chopingasa pakati, zenizenizo zidzapite ndalama yonse ikalowa. Ziwiri zili pa Facebook zija zilowe m'gulu lolipiridwa, apo ayi azichotse.

Bwanayo akhoza kukana, n'kunena kuti ali ndi mphwake wa foni yabwino. Zikatero musatukwanizane naye. Apempheni K18,000 ya thiransipoti ndi ya masiku amene adagwira, zithunzi zanu musunge. Ndalama iliyonse imene ituluke pamenepo, yoyamba ipite kubanki m'khonde Loweruka likubwerali. Udzandilemberenso kuti zatha bwanji.

Gogo Namwino,
Nsipe