Munthu wokana makala

Mmodzi mwa amene anaphunzira pano, bambo wa ana anayi wokhala ku Chifubu mu Ndola, anatsimikiza mtima kuti makala sadzalowanso m'nyumba mwake. Kwake amaphikira mitengo ya nandolo ndi zitsononkho. Mapesi satentha, jumbo ya pulasitiki salandira pamsika wa Masala, ndipo madzi otsukira mbale amathirira ndiwo zamasamba. Anansi anamupatsa dzina lakuti Nduna ya Zankhalango. Ena amati n'kuumira chabe, ena amati ife aphunzitsi tinamuzunguza mutu.

Pa zonena zawo pali chimodzi chimene sindingachipeputse. Amamufunsa kuti mtengo umodzi umene akupulumutsa ndi wa chiyani pamene akuluakulu akuwononga mtsinje wathunthu. Mu February 2025 dziwe la zinyalala za mgodi linagumuka ku Chambishi, asidi nalowa mu Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, ndipo madzi a m'mipopi anatsekedwa mu Kitwe. Chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankasowa pafupifupi tsiku lonse, ndipo mbaula ndiyo inadyetsa makomboni athu. Nayenso wootcha makala ku Masaiti ali ndi ana ofuna nsima. Amene waona zonsezi akaseka, kuseka kwake kuli ndi ululu mkati.

Komabe kusekedwa sikutsimikiza kuti munthu walakwa. Bungwe la Conservation Farming Unit, limene linayamba mu 1996, litaphunzitsa alimi kukumba maenje obzalamo m'chilimwe, maenje oposa 15,000 pa hekitala imodzi, oyamba kugwira khasu padzuwalo anasekedwa koposa. Lero inu mumaphunzira maenje omwewo chaka choyamba, ndipo mwaona ndi maso anu kuti nthaka yophimbidwa ndi mapesi imasunga chinyontho mvula ikadula. Ife ophikiratu Lachisanu ndi kutseka malonda pa Sabata tiyenera kukhala omaliza kudabwa ndi munthu wochita zosiyana ndi anzake chifukwa cha chikumbumtima.

Chimene ndili nacho pa mbale wathuyu n'china. Nditakamuchezera m'dzinja, nandolo zinali zitatha kale ndipo zitsononkho zinali zonyowa. Amene anagwada pamafuwa kuuzira moto, maso ali psuu ndi utsi, anali mayi a kunyumba. Iye anali pakhonde kundifotokozera za kutha kwa nkhalango. Lumbiro analumbira yekha, koma wolisenza anali wina amene sanafunsidwe n'komwe. Anansi anaziona zimenezi ine ndisanazione, ndipo ndikhulupirira kuti mbali ina ya chitonzo chawo inachokera pamenepa, pamodzi ndi chizolowezi chake chodzudzula aliyense wodutsa ndi thumba panjinga.

Musanasiye makala, werengani nkhuni za miyezi 12, osati za miyezi yokolola yokha. Bzalani nandolo ndi gliricidia m'malire a munda, mangani kachisakasa kosungiramo zouma, ndipo khalani pansi ndi amene amaphika. Ndinamuuza mbale wathu kuti agule thumba limodzi la makala la nyengo ya mvula kufikira mitengo yake itakula. Za thumbalo anakana. Za chitofu cha njerwa chosadya nkhuni zambiri anavomera, ndipo tidzachimanga Lachitatu likudzali. A chaka chachiwiri amene mukufuna kuona kamangidwe kake, mulembetse kwa ine pofika Lolemba.