Kapampu ka buluu sikapha, koma pakokha sikakwanira

Miyezi ya June ndi July ikafika, mbaula zimalowa m'nyumba kuno ku Mtendere, mazenera amatsekedwa, ndipo odwala cifuwa ca mphumu, cimene ambiri timacicha asima, amayamba kugona cokhala. Alimi nawonso nyengo yawo yovuta ndi yomweyi: kupuntha cimanga, kuthira mankhwala a fumbi m'masaka ndi kutentha mapesi. Conco abale ndi alongo, tiyeni tikambirane za kapampu ka buluu, cifukwa bodza lonena za iko lafika mpaka m'miphakati mwathu.

Akuti munthu akayamba kupopa ndiye kuti matenda afika pothera, ndipo sadzasiyanso. Cifukwa ca mantha amenewa makolo ena amakana kapampu kukiliniki, napempha mapiritsi, poganiza kuti mapiritsi ndiwo ofatsa.

Mankhwala amene ali m'kapampu ndi salbutamol, odziwika kwambiri ndi dzina la Ventolin, amene anayamba kugulitsidwa ku Britain mu 1969. Njira za mpweya m'mapapo mwathu n'zozunguliridwa ndi timinofu. Mphumu ikabuka, timinofu timeneti timamanga ngati lamba, mpweya n'kumadutsa mothithikizika. Kulira kuja timamva m'cifuwa kumacokera pamenepo. Salbutamol akafika pa timinofuto amatimasula. Akapopedwa amayamba nchito m'maminiti 5, ndipo mphamvu yake imakhala maola 4 mpaka 6.

Tsopano taonani masamu ake. Kupopa kamodzi kumatulutsa mamaikirogaramu 100. Piritsi limodzi la mamiligaramu 4 lili ndi mankhwala omwewo oculuka ka 40. Piritsilo liyenera kuyamba lapita m'mimba, kenaka m'magazi, n'kuzungulira thupi lonse, ndipo pamapita pafupifupi theka la ola lisanathandize. N'cifukwa cake kunjenjemera manja ndi kugunda kwa mtima kumakula kwa womwa mapiritsi. Nanga wofatsa ndani pamenepa? Mwana amene akubanika alibe theka la ola loyembekezera.

Salbutamol si fodya kapena kacasu, alibe cibaba. Komabe anthu amene amaona mnansi wawo akupopa m'mawa ndi madzulo caka conse aona cinthu cenicedi, angolakwa pocimasulira. Mu mphumu muli mavuto awiri: kumanga kwa timinofu ndi kutupa kwa mkati mwa njira za mpweya. Kapampu ka buluu kamathetsa vuto loyamba lokha. Kutupa kumatsala, ndipo mawa cifuwa cimabweranso. Mankhwala ocepetsa kutupako ndi ena, monga beclometasone, amene nthawi zambiri amakhala m'kapampu kofiirira kopopa tsiku ndi tsiku ngakhale munthu ali bwino. Mu 2019 bungwe la akatswiri a matendawa la GINA linasintha malangizo ake, n'kunena kuti akulu ndi acinyamata asamapatsidwe salbutamol yekha. Kapampu kamodzi kamapopedwa ka 200. Munthu amene amamaliza titatu kapena kuposa pa caka ali paciwopsezo cacikulu cobanika koopsa. Ine ndikuona kuti munthu wotere asamangogula kena ku kemisiti. Apite kukiliniki akafunse za kapampu koteteza, ndipo anene poyera kuti wamaliza tingati.

Ambiri amati kapampu sikagwira nchito pamene mankhwala akungothera palilime ndi pakhosi. Madokotala a ana ku Cape Town anasonyeza mu 1999 kuti botolo la pulasitiki la 500 ml, lobooledwa kumbuyo n'kulowetsapo kapampu, limathandiza mwana mofanana ndi cipangizo cogula. Mumakhuchumula kapampu, kupopa kamodzi m'botolo, wodwala n'kupuma kangapo kukamwa kwa botolo. Pemphani anesi akusonyezeni kapangidwe kake. Mabotolo otere ali mbwee m'ngalande zathu, ngakhale lanu liyenera kukhala lotsuka bwino.

Kwa atsogoleri a miphakati ndi azimai oyendera odwala: mukapeza wodwala akulephera kumaliza ciganizo, milomo yayamba kuda, kapena wapopa koma sizikusintha, pemphero licitikire m'galimoto. Mpatseni kapampu kudzera m'botolo, kamodzikamodzi mpaka ka 10, muli paulendo wa kukiliniki ya Mtendere kapena kucipatala ca Levy Mwanawasa. Musaiwale kunyamula mapampu ake onse, otha ndi osatha omwe, kuti adokotala akawaone.