Uranium wa ku Kayelekera ndi Funso la Mphunzitsi wa ku Katuli

Mphunzitsi wa ku Katuli, kufupi ndi malire a Mozambique, amene achonga makope a ana pa kuwala kwa tochi, ali nacho chifukwa chakufunsa kuti: ngati dziko lino likumba uranium ku Kayelekera, bwanji mwalawo upita kunja pamene kuno kuli mdima? Funsoli nloyenera, pakuti magetsi athu ambiri achokera mu mtsinje umodzi, Shire, umene utuluka m'nyanja m'boma lomweli la Mangochi. Pamene namondwe Ana anaononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lonse linaona kuopsa kwa kudalira madzi okha.

Koma uranium si nkhuni zakuti munthu angotola ndi kusonkha pamoto. Mbiri ya akatswiri a ku Amereka ionetsa zimenezi.

M'ng'anjo zambiri za nyukiliya uranium aikidwa wouma, m'ndodo zachitsulo, ndipo pofuna kusintha ndodozo ng'anjo iyenera kuzimitsidwa. Tsono m'zaka za m'ma 1950 akatswiri a ku Brookhaven, pafupi ndi New York, anaganiza zomusungunula m'chitsulo chotchedwa bismuth, chimene chisanduka madzi pa madigiri 271. Anafuna kuti chitsulo chamadzicho chizizungulira m'mipope, kunyamula kutentha, ndi kuyeretsedwa ng'anjo ili chiyakire. Papepala nzeruyo inali yokongola ndithu. Pa ntchito panaoneka zina: bismuth analandira uranium wochepa kwambiri, anadya mipope yomwe anayendamo, ndiponso anabala poizoni woopsa wotchedwa polonium. M'chaka cha 1959 bungwe la boma la Amereka linayerekeza njira zitatu za ng'anjo zamadzi, nilipeza kuti ya mchere wosungunuka ndiyo inali ndi chiyembekezo choposa. Ya bismuth inasiyidwa.

Ku Los Alamos anayesa plutonium wosakaniza ndi chitsulo. Ng'anjo yao, LAMPRE, inayaka m'chaka cha 1961 ndi mphamvu ya megawati imodzi yokha ya kutentha, ndipo inagwira ntchito zaka zochepa. Nkula A, imene inatsegulidwa pa Shire m'chaka cha 1966, inapereka megawati 24 za magetsi enieni. Chimene chinawagonjetsa anthu ophunzira chotere, a chuma chotere, sichinali kusowa kwa mwala. Kunali kusapezeka kwa chotengera cholimba chosungiramo moto wamadziwo.

Chifukwa chake Boma silinalakwe poyamba ndi lamulo m'malo mwa ng'anjo. Lamulo la mphamvu ya atomu la m'chaka cha 2011 linakhazikitsa bungwe loyang'anira cheza choopsa m'migodi ndi m'zipatala. Ena aiyesa ntchito yaing'ono. Koma dziko losadziwa kupima fumbi la mumgodi silingathe kusunga ng'anjo. Ndiponso uranium wa ku Kayelekera, monga wa kulikonse, ali ndi gawo loyaka losakwana limodzi mwa magawo 100, kotero kuti ng'anjo zambiri sizimlandira asanakonzedwe m'mafakitale a kunja.

Pamene Boma liyenera kufulumira mpa anthu. Pa ndalama zochokera ku mgodiwo papatulidwe gawo lotumizira anyamata ndi atsikana kukaphunzira sayansi ya zitsulo, ndi logulira zipangizo za sayansi m'sukulu za sekondale za kumidzi. Mwana wa ku Katuli amene sanaonepo chitsulo chikusungunuka m'kalasi sangadzafunsidwe kusankha ng'anjo yoyenera Malawi.