Maganizo a Mkonzi: Pulogalamu Yogula Izigwira Popanda Intaneti

Wojambula nyimbo za kwaya m'kachipinda pa Linthipe, kufupi ndi phiri la Chongoni, ankagula pulogalamu kamodzi n'kumaigwiritsa ntchito zaka zambiri. Lero makampani ena akufuna kompyuta izilumikizidwa pa intaneti pafupipafupi kuti laisensi itsimikizike, apo ayi pulogalamuyo imadzitseka. Kuno netiweki imathawathawa, bandulo ndi yodula, ndipo oimba amene ayenda wapansi mtunda wautali sangakhale padzuwa kudikira.

Mu Malichi 2023 kampani ya Waves, yopanga mapulogalamu a nyimbo, inasiya kugulitsa malaisensi okhalitsa kuti anthu azilipira mwezi ndi mwezi kapena pachaka, koma makasitomala atakwiya inabweza ganizolo sabata isanathe. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndiye zolipira madola mwezi ndi mwezi n'zowawa.

Ojambula nyimbo athu, funsani musanagule pulogalamu: kodi izigwira popanda intaneti?