Cenjezo lizifika tisanalipire

Wacinyamata wa mu Lusaka akangoyamba kulandira kandalama kooneka, maso amathamangira ku motoka yaitali. Zifukwa zake ni zomveka. Miseu ya m'makomboni ili na maenje, mvula ikagwa madzi amafika m'maondo, ndipo ulendo wa kumudzi umafuna motoka yosakhula pansi. Komanso tisanamizane anzanga, motoka yaitali imapatsa ulemu. Ndiye timakhala pa foni usiku wonse kuona zithunzi, caka, makilomita, mtengo wofikitsira ku Dar es Salaam na msonkho wa pa Nakonde. Pali funso limodzi cabe limene sitifunsa: kodi motoka iyi ikapatuka mwadzidzidzi, imakhalabe pa matayala ake kapena imagubuduka?

Nkhani yake si yovuta. Motoka ikakhala yaitali koma yocepa m'mbali, kulemera kwake kumakhala m'mwamba. Mukakhotetsa mwamphamvu pa liwiro, kulemerako kumakankhira mbali imodzi, matayala a mbali inayo n'kunyamuka. Nthawi zambiri cimene cimatsiriza ni cinthu cokola tayala. Motoka imatereka cammbali, tayala n'kugunda m'mphepete mwa phula, dothi lofewa kapena ngalande, basi yagubuduka. Ku America anapeza kuti ngozi zogubuduka ni zocepa pa ngozi zonse za pa mseu, koma kwa zaka zambiri zinali kutenga pafupifupi munthu mmodzi pa atatu alionse ofera m'mamotoka ang'onoang'ono.

Ku America komweko ndiye kumene nkhani ya masitika ocenjeza inayambira, ndipo mbiri yake ili na phunziro. Mu 1984 bungwe la boma loona za citetezo ca pa mseu, NHTSA, linalamula kuti mamotoka aatali oyenda m'mathengo, amene mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo na akumbuyo supitirira mainchesi 110, azikhala na cenjezo lolembedwa mkati. Linali la mawu okhaokha, ndipo linali losavuta kulinyalanyaza. Mu 1999 analisintha. Anaika mtundu wacikasu, cithunzi ca motoka yopendekeka na cithunzi ca munthu womanga lamba. Uthenga unali wakuti motoka iyi ili na ciopsezo cacikulu cogubuduka, pewani kukhota mwadzidzidzi na kuthamanga kwambiri, mangani lamba nthawi zonse. Nthawi zambiri sitikayo imakhala pa cochingira dzuwa ca dalaiva.

Manje ganizirani. Ni ndani amaona cochingira dzuwa? Ni munthu amene wakhala kale pa mpando wa dalaiva, kawirikawiri atalipira kale. Sitika yotero imakamba na mwini motoka, osati na munthu amene akali kusankha. Ndipo imaika katundu yense pa mutu wa woyendetsa, ngati kuti wopanga motokayo wasamba m'manja.

Cimene cinagwedeza makampani cinali cina. Mu 1988 magazini ya Consumer Reports inayesa Suzuki Samurai n'kulengeza kuti ni yosavomerezeka cifukwa imapendekeka mosavuta pokhota. Malonda ake anatsika kwambiri, kampaniyo inapita kukhoti, ndipo mlanduwo unatha mu 2004 mbali ziwirizo zitagwirizana. Mu 1997 ku Sweden, atolankhani a magazini ya mamotoka anagubuduza Mercedes A-Class yatsopano poyesa kuzemba cinthu pa mseu. Mercedes inaimitsa malonda, inakonza motokayo, n'kuikamo cipangizo coteteza kutereka. Mu 2000 matayala a Firestone okwana 6.5 miliyoni anaitanidwa kuti abwezedwe, pambuyo pa ngozi zambiri zimene tayala linali kusendeka pa Ford Explorer, motoka n'kugubuduka. Caka comweco nyumba ya malamulo ya America inakhazikitsa lamulo la TREAD, limene mwa zina linafuna kuti mamotoka aziyesedwa ali pa liwiro.

Kuyambira mu 2001, NHTSA inayamba kupereka nyenyezi za kugubuduka. Masamu ake ni apafupi: amatenga mtunda wa pakati pa tayala la kumanja na la kumanzere, n'kuugawa na kuwirikiza kawiri kwa msinkhu umene pakati pa kulemera kwa motoka pali. Nambala ikakhala yaikulu, motoka ni yokhazikika. Nyenyezi zisanu zinatanthauza kuti pa ngozi ya motoka imodzi yokha, mpata wogubuduka ni wosakwana 10 pa 100. Nyenyezi imodzi inatanthauza kupitirira 40 pa 100. Pa mamotoka a 2004 anawonjezera kuyesa kokhotetsa mwamphamvu uku na uku. Mu 2007 nyenyezi zinayamba kulembedwa pa pepala la mtengo lomatidwa pa windo la motoka yatsopano. Apa ndiye pamene cenjezo linafika pa malo ake, pambali pa mtengo, munthu akali na ndalama m'thumba ndipo angayerekezere iyi na iyo.

Koma olo nyenyezi sizinali mapeto. Boma la America linalamula kuti kuyambira pa mamotoka a 2012, yonse ing'onoing'ono izikhala na ESC. Ici ni cipangizo cimene cimazindikira kuti motoka yayamba kupita kwina kosiyana na kumene dalaiva waloza, n'kugwira buleki pa tayala limodzi lokha kuti iwongoke. Pokhazikitsa lamuloli, NHTSA inayerekezera kuti ESC ingacepetse kugubuduka kwa mamotoka aatali na 84 pa 100 pa ngozi za motoka imodzi. Palibe sitika ingacite zimenezo.

Nanga ife zitikhudza bwanji? Mamotoka ambiri amene timagula ni ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan. Sanapangidwire msika wa America, ndiye musayembekezere kupeza sitika yacikasu ija. Zolembedwa zimene zilimo, pamodzi na buku la motoka ngati lafika n'komwe, zili m'Cijapanizi. Ku Japan ESC inakhala lamulo mu 2012 pa mitundu yatsopano ya mamotoka wamba, ndipo mu 2014 pa mitundu yakale imene inali kupangidwabe. Izi zitanthauza kuti motoka yocipa ya zaka za m'mbuyo mwake ingakhale nayo kapena ingakhale ilibe. Wogulitsa adzakuuzani za kamera yobwerera m'mbuyo na mipando yacikopa, koma za ici sadzachula mukapanda kufunsa.

Ena adzakamba kuti sitika ni pepala cabe, anthu sawerenga, ndipo amene wakonda motoka adzagulabe. Ena adzati vuto lathu ni miseu na madalaiva, osati motoka. M'zonsezi muli coonadi. Koma mseu wokhala na m'mphepete modyeka, mbuzi zodumpha na maenje obisika ndiwo umafuna kwambiri motoka yokhululuka dalaiva akalakwitsa. Ndipo kukamba kuti anthu sawerenga si cifukwa cowabisira. Timawerenga makilomita mpaka nambala yothera. Tingawerengenso nyenyezi zitakhala pa tsamba lomwelo.

Ine niona kuti mabungwe athu oona za pa mseu na za miyezo ya katundu, monga RTSA, angayambire pa cinthu cosadula. Aliyense wogulitsa motoka pa yadi azimata pepala pa windo, m'Cizungu na m'zinenero zathu, lokamba ngati motokayo ili na ESC komanso ngati ili m'gulu la mamotoka ogubuduka mosavuta. Kuyesa mamotoka ogulitsidwa mu Africa kunayamba kale. Mu 2017 Global NCAP na AA ya ku South Africa anayambitsa nchito yowombetsa mamotoka pofuna kuona mmene amatetezera anthu, ndipo mu 2018 Nissan NP300 Hardbody inapeza nyenyezi ziro pa kuteteza akuluakulu. Kumeneko kunali kuyesa kuwombana, osati kugubuduka, koma kunaonetsa kuti maonekedwe olimba a motoka angakunamizeni.

Pamene tiyembekezera boma, pali zimene tingacite tekha. Funsani za ESC musanatumize ndalama. Makampani amaichula mosiyanasiyana: Toyota amati VSC, Nissan VDC, Honda VSA, Mazda DSC, Mitsubishi ASC. Motoka ikakhala pamaso panu, tembenuzani kiyi muone ngati payaka kanyali koonetsa motoka yokhala na mizere yokhotakhota kumbuyo. Kafunika kuyaka kenako kuzima. Ngati muli nayo kale motoka yaitali, katundu wolemera azikhala pansi, cifukwa thumba lililonse la cimanga limene mwakweza pa denga limakwezanso kulemera kwa motoka. Onani mphepo ya m'matayala kawirikawiri. Tayala likatsikira kunja kwa phula, musakokere motoka mu mseu mwamphamvu. Cepetsani liwiro pang'onopang'ono, mubwerere mutadekha.

Cinanso ni ici. Mu 2001 NHTSA inacenjeza kuti mavani onyamula anthu 15 amagubuduka pafupifupi kuwirikiza katatu akanyamula anthu 10 kapena kuposerapo, poyerekezera na pamene anyamula ocepa. Mavani aja si minibasi zathu ndendende, koma cifukwa cake ni cimodzi: anthu akaculuka, kulemera kumakwera m'mwamba n'kupita kumbuyo. Kumbukirani zimenezi mukaona kondakitala akuthithikiza munthu wina na matumba ake.

Ndipo lamba uja, mangani. Pa kugubuduka, ambiri amafa cifukwa coponyedwa kunja. Motoka yaitali muigule ngati muifuna, palibe akukuletsani. Koma muidziwe ikali pa cithunzi, cifukwa tsiku limene mbuzi idzadumphira mu mseu simudzakhala na nthawi yowerenga ciliconse.