Kodi Komiti Isinthe Yokha Malamulo a Bungwe la Maliro?

M'makomboni a m'mafamu a ku Mashonaland m'dziko la Zimbabwe, cha ku Bindura, Mvurwi, Chinhoyi ndi Marondera, muli mabanja ambiri omwe makolo awo adachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kudzagwira ntchito ya fodya ndi chimanga. Poti kumudzi n'kutali, ambiri amadalira mabungwe a maliro. Aliyense amasonkha mwezi ndi mwezi, ndipo zovuta zikagwa bungwe limagula bokosi, ufa ndi ndiwo. Malamulo ake amakhala m'kope la mlembi. Mkangano umabuka pofuna kuwasintha: kodi tcheyamani, mlembi ndi msungichuma angachite okha, kapena mpaka mamembala onse asonkhane?

Oikira kumbuyo komiti amaloza ku ndalama. Zimbabwe idasiya dola yake mu 2009, n'kuibwezeretsa mu 2019, kenaka mu Epulo 2024 idabweretsa ndalama yatsopano ya ZiG. M'nyengo zotere chopereka cholembedwa m'kope chimatha mphamvu msonkhano wapachaka usanafike, bungwe n'kupezeka likulephera kugula ngakhale matabwa. Kusonkhanitsa anthu nakonso n'kovuta. Chiyambire kulandidwa kwa mafamu mu 2000, ambiri adabalalika: ena akukumba golide, ena ali ku Harare kapena ku South Africa, ndipo otsalawo nthawi yothyola fodya sapezeka. Chonsecho maliro sadikira munthu.

Otsutsa amati malamulowo si a ndalama zokha ayi. Ndi omwe amanena ngati mdzukulu woleredwa ndi agogo akuwerengedwa, ngati mkazi wachiwiri ali m'gulu, ndiponso chochita ndi munthu amene wadumphitsa miyezi chifukwa bwana sadamulipire. Anthu atatu akasintha mzere umodzi mwakachetechete, mayi wamasiye amadzamva mtembo uli m'nyumba kuti, "Pepani amayi, dzina la bambo mulibe m'buku." Anthu a m'makomboni akudziwa kuwawa kwa kufufutidwa. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri obadwira m'Zimbabwe momwemo adasanduka alendo, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 adawatsegulira njira yobwerera.

Komabe msonkhano wa onse nawo uli ndi chilema chake. Olankhula mokweza amatha kuphimba okalamba, ndipo nkhani yaing'ono imatha kudya tsiku lonse osamangapo mfundo.

Malamulo aakulu a 2013 omwewo ali ndi nzeru yoti n'kubwereka. Gawo 328 limati kusintha kulengezedwe masiku 90 kusanakambidwe, kuvomerezedwe ndi magawo awiri mwa atatu a nyumba zonse ziwiri za malamulo, ndipo kukakhudza mutu wa ufulu wa anthu, dziko lonse liponye voti. Kutanthauza kuti nkhani zimalemera mosiyana.

Bungwe la pakomboni lingachite chimodzimodzi. Komiti iloledwe kukweza chopereka mongoyembekezera, malire ake atalembedwa kale, msonkhano wotsatira udzavomereze kapena kukana. Koma zokhudza umembala ndi amene athandizidwe zidikire onse: chidziwitso chiperekedwe nthawi ikadalipo, mawu atsopanowo awerengedwe mokweza m'Chichewa ndi m'Chishona, ndipo akutali ayankhe pa WhatsApp. Njirayi ndi yochedwa, ndipo a komiti adzadandaula nayo. Koma chopereka chikalakwika chimakonzedwa mwezi wamawa, pomwe banja lobwezedwa tsiku la maliro silibwereranso m'bungwe.