Mlandu suwola: tikiti ya apolisi a pamsewu musaitaye

Amayi ndi abambo a geni, madalaivala ndi matransipota a m'gulu lino, pali langizo lina lomwe likumabwerabwera m'makomenti wina akafunsa za tikiti. Ena akumati, "Ingoitayani, galimoto yanu ndi ya nambala yakunja, akupezani kuti?" Ena akumati, "Mukanangomupatsa ya fanta, bwenzi nkhani itathera pomwepo." Ife tikuti malangizo awiri onsewa ndi opha mpamba. Tikiti ndi chiyambi cha mlandu, ndipo njira yotchipa ndi kuiwerenga, kenako kulipira kapena kuitsutsa nthawi isanathe.

Tiyambe ndi ku Joni, poti ndi komwe ambiri timaoda. Kumeneko matikiti si ofanana. Wapolisi akakuimitsani n'kukulemberani pepala lokupatsani m'manja, lomwe amalitcha Section 56 pansi pa lamulo la Criminal Procedure Act la 1977, pamakhala masiku awiri: tsiku lomaliza kulipira chindapusa ndi tsiku la ku khoti. Mukapanda kulipira komanso osapita ku khoti, majisitireti amatha kutulutsa waranti yokumangani, n'kuwonjezerapo mlandu wonyozera khoti. Mlandu umene unali wa tayala lakutha wasanduka wa unyolo.

Palinso pepala la Section 341, lomwe nthawi zambiri limachokera pa kamera kapena mumalipeza atalisiya pa galasi. Ili silikhala ndi tsiku la khoti, koma mukalinyozera amatulutsa samani. Mu Johannesburg ndi Pretoria, komwe lamulo la AARTO linayamba kugwira ntchito mu 2008, mukalipira m'masiku 32 amakuchotserani theka. Kutanthauza kuti tikiti ya R1,000 mumaithetsa ndi R500. Mukangokhala chete, kuchotserako kumatha, amawonjezera ndalama za makalata, ndipo pamapeto amatseka njira yoti mukonzetsenso laisensi ya kumeneko kapena disiki ya galimoto.

Apa pali mfundo imene anzathu ena saiganizira. Ngati mwabwereka baki ya achimwene kapena alamu anu okhala ku Joni kuti mututire katundu, tikiti ya kamera imapita kwa mwini galimoto. Inu mwadutsa kale pa Mwanza, mukugulitsa mu Limbe, iwo akukanizidwa disiki chifukwa cha liwiro lanu. Lamulo limawalola kutchula amene ankayendetsa, koma taganizani chibale chikafika pamenepo. Mawa mudzabwerekanso kwa ndani?

Chachiwiri ndi masiku a mu pasipoti. Ife a pasipoti ya Malawi timapatsidwa masiku osapitirira 30. Tsiku la khoti likhoza kugwera kunja kwa masiku amenewo. Mukati mudikire khoti, mwadutsitsa masiku, ndipo malamulo a olowa ndi kutuluka omwe anayamba mu 2014 ndi owuma: mukapitirira ndi masiku osaposa 30 amakuletsani kulowa chaka chimodzi, mukapitirira kuposa pamenepo ndi zaka 5. Mukati mungopita kumudzi osathana ndi tikitiyo, waranti ikudikirani ulendo wotsatira. Njira yanzeru ndi kuthana nayo musananyamuke. Ngati mukuvomera, lipirani. Ngati simukuvomera, pitani ku khoti lomwe lalembedwa pa tikitiyo, mukapereke kalata kwa woimira boma pa milandu, mufotokoze mbali yanu komanso tsiku lomwe masiku anu akutha. Iye ali ndi mphamvu yotsitsa chindapusa kapena kuthetsa mlanduwo. Mwayi umenewu munthu wotaya tikiti saupeza.

Palinso milandu ina yosathera pa chindapusa. Mukathamanga kupitirira liwiro lololedwa ndi makilomita oposa 30 pa ola m'tauni, kapena oposa 40 kunja kwa tauni ndi pa misewu ikuluikulu ngati N1, amakumangani pomwepo ndipo mukaonekera pamaso pa majisitireti. Kumbukirani kuti 120 yomwe mumaiona pa chikwangwani si ya aliyense: minibasi ndi basi malire ake ndi 100, ndipo thiraki yolemera kuposa matani 9 ndi 80. Mowa nawo ndi womangitsa, ndipo kwa dalaivala wa ntchito yonyamula anthu kapena katundu mlingo wololedwa ndi wochepa kwambiri kuposa wa ena. Ngati mwamangidwa ndipo akudindani zala, musathamangire kusaina zovomera mlandu pofuna kutuluka msanga. Kusainako kukhoza kukulembetsani m'kaundula wa anthu opalamula, ndipo dzina likalowa m'menemo limadzakuvutani popempha chitupa chogwirira ntchito kapena chochitira bizinesi. Funsani loya kaye.

Tsopano za ya fanta. Tikumvetsa amene amaikira kumbuyo zimenezi. Msewu wochokera Beitbridge kudzera Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Zobue ndi wautali, marodibuloko ndi ambiri, ndipo ola lililonse limene galimoto yaima ndi ndalama. Pena wapolisi amagwira laisensi osalemba kanthu, akudikira kuti mutope. Zimenezi zimachitikadi ndipo sitikuzibisa. Koma werengerani bwino. Ndalama ya m'manja ilibe risiti, ndiye gitala yakufa ija kapena tayala lija mudzalipiranso pa rodibuloko yotsatira, ndi yotsatiranso. Komanso chiphuphu ndi mlandu kwa wopereka yemwe, osati wolandira yekha. Ku South Africa lamulo lothana ndi katangale la 2004 limanena choncho, ndipo kwathu kuno n'chimodzimodzi. Tsiku limene mudzakumane ndi wapolisi wokana, mlandu wa tayala udzasanduka wa katangale, m'dziko la eni, opanda wachibale wokubweretserani chakudya. Choipa china n'chakuti tikazolowera kupereka, nambala zathu za galimoto zimadziwika kuti ndi zosavuta, ndipo amene akubwera m'mbuyo amaimitsidwa ngakhale alibe cholakwa.

Kukana chiphuphu sikutanthauza mwano. Lankhulani mwaulemu, funsani cholakwa chanu, pemphani kuti akulembereni. Mukalipira, landirani risiti ya boma yokhala ndi nambala, tsiku ndi ndalama imene mwaperekadi. Ku Mozambique mawu awiri awa athandiza: chindapusa ndi "multa", risiti ndi "recibo". Ku Joni dziwaninso ufulu wanu: wapolisi sangakukakamizeni kulipira matikiti akale pamsewu pomwepo, ndipo sangakumangeni chifukwa cha tikiti yakale popanda waranti. Akati waranti ilipo, muli ndi ufulu wopempha kuti muione.

Zambiri mwa izi zimapeweka galimoto isananyamuke. Matirayango awiri, jekete yowala, chozimitsira moto, timapepala towala kutsogolo ndi kumbuyo, magetsi a tilela, zonsezi mtengo wake sufika pa chindapusa cha ulendo umodzi. Onaninso inshulansi: Yellow Card ya COMESA imagwira ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, koma polowa mu Mozambique mumafunika kugula inshulansi yawo pa boda. Ndipo galimoto ikapezeka yolemera kwambiri pa sikelo siichoka mpaka katundu atachepetsedwa, ndiye mabelo anu atsitsidwa pa dzuwa kapena pa mvula.

Amayi amene mumakweza katundu kwa matransipota, nkhaniyi ndi yanunso ngakhale simuyendetsa. Dalaivala wokhala ndi waranti akagwidwa pa Musina, galimoto imaima, katundu wanu amaima, makasitomala amene analipira kale ayamba kuimba, ndipo ngongole ya ku banki mkhonde siidikira. Musachite manyazi kumufunsa musanakweze: mapepala ali bwino? Pali matikiti otsala? Chindapusa chikabwera alipira ndani? Maganizo athu ndi akuti tikiti ya liwiro ndi ya dalaivala, ya matayala ndi magetsi ndi ya mwini galimoto, ndipo ya kulemera ikhudzenso ife eni katundu ngati ndife tinakakamiza kuti awonjezere belo lina. Gwirizanani musanachoke, mulemberane pa WhatsApp kuti pakhale umboni.

Pomaliza, tikiti iliyonse ijambuleni pa foni nthawi yomweyo, mutumizire wina kunyumba, ndipo mulembe tsiku lomaliza kulipira. Risiti muisunge limodzi ndi mapepala a galimoto, chifukwa makompyuta awo pena amachedwa kusonyeza kuti munalipira, ndipo pepala lanulo ndi limene lidzakuombolani. Powerengera mtengo wa ulendo, pambali pa mafuta, matolo ndi msonkho, patulani kangachepe ka chindapusa cholipira mwalamulo.

Geni yathu imadalira kuti tizitha kubwereranso mwezi wamawa. Pasipoti yoyera ndi dzina lopanda waranti ndi mpamba ngati ndalama zomwe. Amene mukudziwa bwino za Zambia, Tanzania ndi Botswana, tiuzeni m'makomentimu mmene matikiti amayendera kumeneko, kuti anzathu a njira zimenezo athandizikenso. Muyende bwino.